Kabokosi ka Chipatala Kamene Ndinakwirira mu Mpunga

Nkhaniyi ndikaifotokoza anthu amaseka mpaka kupukuta misozi, ena n'kumati ndangoipeka kuti ndiwasangalatse, koma ine ndikunenetsa kuti zonse zinachitikadi, ndipo amene anaziona ndi maso adakali moyo. Mayina awo okha sinditchula, ngakhale la chipatala chimene ndimagwirako ntchito, ndipo mukamva nkhani yake mumvetsa nokha chifukwa chimene ine ndi mayina a anthu timaopana. Lero nanenso ndimaseka nawo, koma pali tsiku limodzi ndi theka limene pakamwa panga panauma ngati ndadya nthochi yosapsa.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade seveni, ndipo ntchito yanga ndi yosesa ndi kukolopa pa kachipatala kena ka mpingo, kuno chakumwera kwa Karonga, pakati pa Mlare ndi Lupembe. Nthawi imeneyo mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anali akadali kumsana. Pachipatalapo pali kachipinda kopanda windo kamene makiyi ake tinkasunga anthu awiri okha, asisita aakulu ndi ineyo, poti fumbi la kuno silifunsa kuti chipinda ichi n'chachinsinsi. M'katimo munali zinthu zitatu. Pakhoma panali bokosi lakuda lalitali la mabowo ambirimbiri, mmene zimalowa nthambo zochokera ku makompyuta onse a pachipatala. Patebulo panali kompyuta ina yopanda sikirini, yongolira chamumtima usana wonse, imene imasunga mbiri ya odwala. Ndiye pa kashelefu kapansi panali kabokosi koyera, kukula kwake ngati buku la nyimbo, ka timagetsi tobiriwira.

Zonsezi anaika ndi achemwali ena a makompyuta, mtsikana wa kumwera wolankhula Chichewa chothamanga, amene ankabwera kuchokera ku boma pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Tsiku lina ndikupukuta fumbi anandifotokozera kuti kabokosi koyerako dzina lake ndi fayawolo, ndipo ntchito yake ndi ya mlonda wa pageti: nthambo yachikasu yochokera ku dishi ya padenga imayamba yalowa mwa iko, n'kumaona chilichonse chobwera ndi chopita, china n'kuchilola, china n'kuchibweza. Kuchokera pamenepo nthambo yabuluu imapita ku bokosi lakuda, ndipo yofiira imapita ku kompyuta ya zinsinsi ija. Ine ndinkangogwedeza mutu, mwana akundikoka duku, ndipo chimene ndinagwirapo n'chakuti ndisamakakhudze. Anthu a pachipatala kabokosiko sankakakonda n'komwe, makamaka akalaliki a ku ofesi ya kutsogolo, chifukwa kankakana mpira, kankakana mafilimu, ndipo iwo ankati kali ndi nkhanza kuposa apongozi awo.

Tsopano ndiyenera kuulula chinthu china kuti mumvetse mantha anga. Kuno azimayi ambiri timalera amuna athu asakudziwa. Ine ndemwe ndinali nditaikitsa kulera kwa pamkono nditangochira mwana wachiwiriyu, osawauza bambo a kunyumba, poti amayi awo ankangonena za adzukulu ena tsiku ndi tsiku. Ndipo sindinathere pa ine ndekha. Anzanga a m'kwaya ndi a pachitsime, amene ankaopa kuti dzina lawo likalembedwa m'buku wina adzaliwerenga patebulo, ndinkawalimbitsa mtima ndine, kuwauza kuti kwathu zinsinsi zimakhala mu kompyuta yokiyidwa, ndipo kiyi wake ndimasunga ndine. Mwa iwo munali mayi wina wa ana asanu ndi mmodzi, amene pobereka womaliza anatsala pang'ono kutisiya, ndipo amuna ake sachedwa kumenya. Ameneyo ankabwera ku jakisoni atanyamula dengu ngati akupita kuchigayo.

Lamlungu lina m'mwezi wa Marichi mvula inayamba m'mamawa osakata, ndipo potuluka m'tchalitchi tinapeza kamtsinje kathu katasefukira, madzi akuyenda mumsewu. Kuno madzi akabwera sitiitana msonkhano, aliyense amathamanga kukakweza zinthu pamwamba, ufa, mphasa, nkhuku, ana. Nyumba yathu ili pamtunda, choncho ine ndinathamangira kuchipatala ndi chovala changa cha kwaya chomwecho. Potsegula kachipinda kaja madzi anali m'akakolo, bokosi lakuda lili bwinobwino pakhoma, kompyuta ya zinsinsi ili bwinobwino patebulo, koma kabokosi koyera katamira theka, timagetsi take titazima. Kodi inuyo mukanatani? Mukanakumbukira zoti musakakhudze, madzi akukwera? Ndinazula nthambo zonse zitatu, n'kukakulunga m'chitenje.

Aliyense kuno amadziwa kuti foni ikagwera m'madzi imakwiriridwa mu mpunga. Ya amuna anga inagwerapo kawiri m'munda ndipo mpaka lero ikulira. Ndiye ine ndinaona kuti kabokosi n'chimodzimodzi foni, kungoti n'kakakulu. Ndinapita nako kunyumba, n'kumasula thumba la mpunga wa Kilombero umene tinkasungira chinkhoswe cha mlamu wanga, n'kukakankhira pansi mpaka mkono wanga kulowa kulekeza m'chigongono. Ndinati kakhale masiku anayi kapena asanu, ndidzakabweze kali kouma, anthu adzadabwe.

Lolemba madzi anali ataphwa. Ndinakolopa matope mpaka msana kuwawa, ndipo akalaliki ankangozungulira kudandaula kuti intaneti palibe, malipoti atumiza bwanji, pomwe msewu wa ku boma unali utaduka ndipo achemwali aja sakanabwera msanga. Ndinalowa m'kachipindamo n'kuima kuyang'ana nthambo zitatu zili lendelende. Ine ndine munthu woleza mtima, chinthu ndimayamba ndachiyang'anitsitsa. Ndinaona kuti mabowo onse ndi ofanana, mitu ya nthambo nayonso ndi yofanana. Ndinaganiza kuti yabuluu ija inali ngati mlatho chabe pakati pa mabokosi awiri, ndiye ndinaichotsa pa bokosi lakuda n'kulowetsapo yachikasu ya ku dishi. Yofiira ndinaipezera bowo lina lopanda kanthu kumapeto, ndipo inalowa bwinobwino mpaka kulira kuti tswa.

Sipanathe mphindi zisanu, ndinamva akalaliki akuimba nyimbo ya chitsitsimutso mu ofesi. Intaneti inali itabwera, ndipo osati kubwera wamba, inkathamanga, ndipo zonse zimene kale zinkakana zinatseguka. Anandiitana n'kundigwira dzanja pamaso pa odwala, kunena kuti boma likungotaya nthawi kutumiza anthu a madigiri pomwe injiniya weniweni ali pano ndi chikolopa. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ankandiitana kuti ainjiniya, ngakhale alonda a pageti, amene masana ankabwera kudzasuzumira mpira pawindo. Anamwino anaonera makwaya a ku Tanzania nthawi yopuma, ndipo anandigulira mandasi ndi chakumwa chozizira. Palibe anandifunsa kuti ndachita bwanji, inenso sindinanene za thumba la mpunga, poti kutamandidwa n'kokoma ndipo ine chibadwire ndinali ndisanatchedwepo injiniya. Chovuta chinali chimodzi chokha, makompyuta a anamwino sankatha kutsegula mbiri ya odwala, koma onse anati ndi chinyezi, n'kubwerera ku mabuku akale kudikira achemwali aja.

Lachinayi ndinafika seveni koloko monga mwa nthawi zonse, dzuwa litatuluka kale, mwana ali kumsana. Ndinali ndekha mu ofesi ya kutsogolo, ndikusesa pansi pa tebulo la akalaliki, amene anali atasiya kompyuta yoyaka. Nditadzuka ndinaona kamuvi ka pa sikirini kakuyenda kokha. Ndinayang'ana kambewa kake, kachipangizo koyendetsera kamuviko, kali phee patebulo, palibe wokagwira. Ndinaganiza kuti mwina ndagunda tebulo, ndiye ndinabwerera m'mbuyo n'kuima osapuma. Kamuvi kanapita pakona, kanatsegula chinthu, kanatseka, kanatsegula china, mosafulumira, ngati munthu amene akusanthula m'sutikesi ya mwini atadziwa kuti mwiniwake wapita kumunda. Kenako kagetsi ka kamera kanayaka, koyera, kundiyang'ana ine ndi mwana wanga. Pulinta kumbuyo kwanga inayamba kukoka mapepala yokha.

Ine ndine Mkhristu, koma ndinakulira kuno, ndipo zimene ndinaganiza poyamba mukuzidziwa. Ndinaganiza za odwala amene anatisiya pachipatalapo, ndinaganiza za madzi aja kuti mwina anadzera kumanda. Sindinathawe. Ndinangokokera chitenje kuphimba mutu wa mwana n'kuyamba pemphero m'Chitumbuka, ndipo ndili m'kati mopemphera sikirini inasanduka yofiira, yodzaza Chingerezi, pamwamba pali wotchi imene manambala ake ankabwerera m'mbuyo.

Asisita aakulu anandipeza ndili chiimire ndi tsache m'manja. Iwo ndi mayi wa ku chigawo chapakati, wosachedwa kuseka, koma atawerenga pasikirinipo anavula magalasi n'kukhala pansi. Anandiuza kuti si mizimu, ndi akuba a pa intaneti, ndipo alemba kuti zonse za m'makompyuta athu azitseka ndipo azitenga, tikapanda kuwapatsa zimene akufuna wotchiyo isanathe, aziika poyera kuti aliyense awerenge. Ndikuuzeni, mizimu ikanakhala bwino. Mzimu sudziwa kutumiza mayina a anthu pa mafoni a pamsika.

Pomwepo ndinagwada n'kuulula zonse, za madzi, za thumba, za nthambo yachikasu. Asisita anandifunsa chinthu chimodzi chokha, kuti nanga yofiira ndinaiika pati, ndipo nditayankha kuti pa bokosi lakuda lomwelo, pamodzi ndi ya ku dishi, anagwira pakamwa. Tinathamangira pa chulu cha kuseri kwa chipatala, pamene foni imagwira mvula ikavuta, n'kuimbira achemwali a makompyuta. Iwo anati tizule nthambo yachikasu nthawi yomweyo, china chilichonse tisakhudze, ndipo anyamuka ngakhale msewu uli woduka. Anafunsanso modabwa kuti intaneti yabwera bwanji, poti Lolemba ataona kuti kabokosi kawo kasiya kuyankha anaimba, ndipo akalaliki anawauza kuti zonse n'zozima chifukwa cha madzi. Foni inaduka tisanafunse za mayina. Akalaliki, amene anatitsatira pachulupo, ankangoyang'ana nsapato zawo, kenako anavomera kuti ananama kuopa kuti mpira utsekedwanso, ndiponso kuti Lachiwiri anatsitsa kapulogalamu kena kolonjeza masewero onse aulere.

Tsiku limenelo ndinakolopa chipatala chonse osadziwa kuti ndikukolopa. M'mutu ndinkangoona nkhope za azimayi amene ndinawabweretsa, mmodzimmodzi, ndipo nthawi zonse ndinkathera pa mayi wa dengu uja. Ndinkaona amuna ake atakhala pa sitolo, munthu wina akuwaonetsa foni. Ine ndi amene ndinamuuza kuti kiyi ndimasunga ndine, ndiye ndine ndemwe ndinatsegula.

Cha m'ma fili koloko ndinaganiza kuti za ena sindingazikonze, koma zanga zokha amuna anga asazimve kwa anthu. Ndinawapeza kumunda akutsegula ngalande, matope mpaka m'mawondo. Ndinaima pamzere n'kunena zonse mwakamodzi, kuyambira pamkono mpaka pa wotchi yofiira, maso ali pansi. Iwo anazika khasu, kenako ndinamva akuseka. Anandifunsa ngati ndimaganiza kuti mkono umene amautsamira chaka chonse sakuudziwa. Anati timitengo tiwiri tolerera ta pansi pa khungu anatimva sabata yoyamba yomwe, ndipo anasangalala mumtima chifukwa munda wathu ndi womwewu sukukula, koma ankachita manyazi kuyamba nkhaniyo, ndiye ankadikira kuti mwiniwake wa mkono anene. Chimene chinawakwiyitsa n'chakuti mpunga wa chinkhoswe cha mlongo wawo wagona ndi chinthu chamagetsi masiku anayi, ndipo anafunsa ngati alendo sadzagwidwa shoko. Ndinaseka ndikulira, mwana naye n'kuyamba kulira poona ine. Koma pobwerera kunyumba mtima unalemeranso, chifukwa si amuna onse amene amaseka.

Achemwali aja anafika Lachisanu masana, atakwera minibasi mpaka pamene msewu unaduka, n'kuwoloka wapansi nsapato zili m'manja, n'kumalizira pa kabaza. Sanapume n'komwe. Analowa m'kachipinda kaja, ine ndi asisita tili pakhomo, akalaliki ali patali pang'ono, ndipo anati amama, ndionetseni ndi chala bowo limene munaikamo nthambo yofiira. Ndinaloza bowo la kumapeto lija. Anawerama, anatsatira nthambo ija mpaka kumapeto, anayang'ana kagetsi ka pamwamba pa bowolo kamene kanali kozima, n'kulumikiza kompyuta yawo yam'manja n'kumadinadina kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenako anakhala pansi penipeni, pa simenti yanga yokolopa bwino, n'kupumira m'mwamba akumwetulira.

Anatifotokozera kuti tsiku limene ankaika zinthuzi, mabowo onse osagwiritsidwa ntchito anawapha dala, kuti wina akadzalowetsamo nthambo mosadziwa kapena mwakuba pasadzadutse kanthu. Ndipo kompyuta ya zinsinsi sanaiike pa msewu umodzi ndi makompyuta ena, anaipatsa kanjira kakekake kodzera mwa mlonda yekha, ngati chipinda chamkati chimene khomo lake lili kuseri kwa mlondayo. Ndiye ine nditanyamula mlonda kupita naye ku mpunga, geti lakunja linatsegukadi, akuba n'kulowa pabwalo ndi mu ofesi, koma njira ya ku chipinda chamkati inapita ndi mlonda yemweyo. N'chifukwa chake ngakhale anamwino athu sankatha kutsegula mbiri ya odwala sabata yonse. Chimene ife tinkati chinyezi n'chimene chinatipulumutsa. Anayang'ananso mu kompyuta ya zinsinsiyo n'kutsimikiza kuti chichokereni Lamlungu palibe amene anaifikira. Dzina ngakhale limodzi silinatuluke.

Asisita anayamba nyimbo pomwepo, ine n'kulandira, ndipo odwala a panja, osadziwa n'komwe chimene chachitika, anayamba kuomba m'manja. Kenako achemwali anafunsa kuti nanga kabokosi kawo kali kuti. Ndinakatulutsa m'chitenje, poti ndinali nditakafukula m'thumba m'mawa, ndipo atakagwedeza mpunga unayamba kugwa m'mabowo onse ngati chigayo, iwo n'kuseka mpaka kutsamira khoma. Anakatsegula, anakapukuta ndi kaburashi, anakalumikiza, ndipo timagetsi tobiriwira tinayaka timodzitimodzi. Iwo amati unali mwayi chabe, madzi sanafike pamtima pake. Ine sinditsutsana ndi anthu ophunzira, koma ndikudziwa kumene kanagona.

Makompyuta a ku ofesi anawafufuta onse n'kuyambiranso. Zimene akuba anatenga ndi makalata opempha tchuthi, ndandanda ya mashifiti, ndi zithunzi za ukwati wa akalaliki, zimene asisita anati akubawo akaziona abweza okha. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo, akalaliki yawo inali yaitali kuposa yanga. Amuna anga anabwera Loweruka ndi matabwa n'kukhoma shelefu pamwamba, pamene madzi sangafike pokhapokha chipatala chonse chitamira, ndipo achemwali anandijambulira papepala njira ya nthambo iliyonse ndi mitundu yake, n'kundiphunzitsa moleza mtima mpaka nditatha kuwafotokozera iwowo. Anati munthu wosunga kiyi ayenera kudziwa chimene akusunga, ndipo kulakwa kwina kunali kwawo pongondiuza kuti ndisakhudze osandiuza chochita madzi akabwera.

Sabata yotsatira mayi uja anabwera tsiku lake la jakisoni. Anandipeza ndikukolopa pakhonde, anandipatsa moni, anafunsa za mwana, anadandaula za mvula, n'kulowa kwa anamwino. Potuluka anandigawira chinangwa chophika. Sankadziwa kanthu, ndipo mpaka lero sadziwa, ali moyo, ana ake akukula, ndipo m'kwaya timaima moyandikana.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti Mulungu anandipulumutsa kudzera mwa mtsikana amene anaganizira kulakwa kwanga ndisanalakwe, miyezi yambiri m'mbuyo, tsiku wamba limene palibe anamuyamika, pomwe tonse tinkamunena kuti ndi wouma mtima. Azimayi ndimawabweretsabe, ndipo ndimawauzabe kuti zinsinsi zawo zili pabwino, koma sindinenanso kuti n'chifukwa cha kiyi wanga.

Ndiye inu amene mumagwira ntchito m'masukulu, m'maofesi ndi m'zipatala, ngakhale ntchito yanu ili ya tsache ngati yanga, mundimvere. Mukaona chinthu chimene chinkakana chayamba kulola zonse mwadzidzidzi, musathamangire kuvina, yambani mwafunsa kuti mlonda wapita kuti. Nthambo ikalowa bwino pabowo sindiye kuti ndi pake. Ndipo mukalakwitsa nenani tsiku lomwelo, anthu asanayambe kukugulirani mandasi, chifukwa m'makompyuta amenewa muli anthu amene anakukhulupirirani, ndipo ena mwa iwo akagona kwawo mwamtendere lero chifukwa chakuti dzina lawo silinatuluke.